MALAMULO A ZOMBO PA NYANJA ZATHU: ADACHOKERA KUTI?



Mtsinje wa Domasi ukatsika m'mapiri, umadzera m'minda yathu ya mpunga nukathira m'nyanja ya Chilwa. Ambiri a ife a m'chigwa chino sindife asodzi, komabe ndi mabanja oŵerengeka amene alibe mbale woyenda pamadzi. Wina amakapikula matemba ku Kachulu, wina ali ndi apongozi pa chilumba cha Chisi, winanso amakwera Ilala kupita ku Likoma kapena ku Nkhata Bay. Nchifukwa chake lero tati tikambirane za malamulo a boma okhudza zombo. Kodi boma lidayamba liti kulembetsa maboti, kuyeza sitima ndi kuŵerenga anthu okweramo? Nanga lidayamba chifukwa ninji? Ambiri timayesa kuti malamulo ameneŵa adaikidwa kuti azivutitsa anthu osauka. Koma tikatsata mbiri yake tiona kuti pafupifupi lililonse lidalembedwa anthu atamira kale.

Lamulo lisanalembedwe

Makolo athu adayenda pamadzi zaka zosaŵerengeka m'mabwato osema ku mitengo. Analibe chiphaso, koma sanali opanda mwambo. Ankadziŵa mphepo ndi maina ake: mwera wochokera kumwera, umene umakalipa m'miyezi yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpoto wochokera kumpoto, ndi vuma wochokera kuvuma. Mwini bwato ankadziŵa katundu woyenera bwato wake, ndipo akati lero sitioloka, mau ake ankamveka. Zombo zikuluzikulu za nthaŵi imeneyo zinali za mathanga, monga za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi za Makanjira. Zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo panalibe wofunsa za moyo wa anthu onyamulidwawo.

Sitima yoyamba yoyendera nthunzi idaloŵa m'nyanja ya Malaŵi pa 12 Okutobala 1875. Inali Ilala yoyamba, ya amishoni a ku Scotland amene adakakhazikika ku Cape Maclear. Pofika pa mathithi a Shire adaiphwasula, anthu mazanamazana nasenza zidutswa zake pamutu mpaka kumtunda, kumene adailumikizanso. Pambuyo pake kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, idabweretsa sitima zake za malonda, nawonso amishoni a Anglican a ku Likoma adabweretsa Charles Janson mu 1885. Aliyense mwa eni sitima ameneŵa anali woweruza wa sitima yake. Iye yekha ankanena ngati ili bwino, iye yekha ankanena katundu woti ikweze.

Nyanja sidachedwe kuonetsa kuti siiwopa ulemu wa munthu. Pa 2 Sepitembala 1895 episkopi wa Anglican, Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene chaka chomwecho, ankapita ku Likoma pa boti la mathanga. Namondwe adaligubuduza usiku, episkopiyo namira, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima imene adaimanga pomkumbukira, yotchedwa dzina lake lomwelo, idayamba kuyenda mu 1901.

Boma lifika ndi mfuti

Dziko lino lidaloŵa pansi pa chitetezo cha Angerezi mu 1891, ndipo likulu la boma lidakhala kuno ku Zomba kufikira 1975. Tsono tingathe kunena kuti malamulo oyamba a boma okhudza nyanja ankatuluka pafupi ndi chigwa chathu chino. Komatu boma silidaloŵe m'madzi kudzasamala apaulendo. Lidaloŵamo ndi sitima zankhondo, monga Adventure ndi Pioneer, zimene zinkakocheza ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi. Ntchito yake inali kuthyola mphamvu za ogulitsa akapolo ndi kugonjetsa mafumu okana ulamuliro watsopanowo. Mu 1899 kudabwera ina yokulirapo, Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Guendolen ikuonekabe ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa masiku a mtendere sitima za boma zinkanyamula makalata, katundu ndi antchito a boma. Za kuyeza zombo pofuna kuteteza munthu wamba zinali zisanakhale pamtima pa olamulira.

Nzeru yoti boma liyenera kuima pakati pa mwini chombo ndi wokwera idakulira kutali, ku nyanja zamchere. Tiyeni tipiteko pang'ono, pakuti malamulo amene tili nawo kuno ndi ana a malamulo a kumeneko.

Mzere wa Plimsoll

Ku England, m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, kunali eni sitima ena oipa mtima. Ankatenga sitima zakale zowola, kuzidzaza katundu mpaka m'khosi, nkuzilipirira inshuwalansi ya ndalama zambiri. Sitima ikafika bwino, ankapindula ndi katundu. Ikamira, ankapindula ndi inshuwalansi. Otaya anali amalinyero ndi akazi awo. Ndipo mlinyero wosaina kale ntchito akakana kukwera sitima yotereyi ankatha kuponyedwa m'ndende. Phungu wina wa nyumba ya malamulo, Samuel Plimsoll, adalimbana ndi mchitidwe umenewu zaka zambiri, mpaka mu 1876 kudakhazikitsidwa lamulo loti sitima iliyonse ikhale ndi mzere wojambulidwa pa nthiti yake. Madzi akafika pa mzerewo, katundu wakwana.

Taonani tsono kuchenjera kwa mtima wokonda ndalama. Lamulo la 1876 lidasiyira mwini sitima ufulu wosankha pojambula mzerewo, choncho ena ankaujambula pamwamba kwambiri kuti azikwezabe monga kale. Padapita zaka 14, kufikira 1890, kuti boma lione kuti malo a mzerewo sayenera kuikidwa ndi mwini katundu. Phunziro lake nali: munthu amene amapindula chombo chikadzaza sangakhale yemweyo wonena kuti chadzaza. Mzere umenewu ulipo pa sitima zonse zikuluzikulu mpaka lero, ndipo umatchedwa dzina la Plimsoll. Pambali pake pamakhala timizere tina, chifukwa madzi sanyamula mofanana. Madzi amchere ndi olemera, amakweza chombo. Madzi opanda mchere, onga a m'nyanja ya Malaŵi, ndi opepukirapo, ndipo chombo chomwecho ndi katundu yemweyo chimaloŵa pansi pang'ono.

Mzere udateteza ku katundu wochuluka, koma funso lina lidatsala: sitima ikamamira, anthu athaŵira kuti? Yankho lidabwera ndi misozi. Usiku wa pa 14 kuchera pa 15 Epulo 1912 sitima ya Titanic idagunda phiri la madzi oundana nimira m'nyanja ya Atlantic. Munali anthu opitirira 2,200, koma maboti opulumutsira analipo 20 okha, okwanira anthu osafika 1,200. Adamwalira anthu pafupifupi 1,500. Chomvetsa chisoni nchakuti eni ake sadaswe lamulo. Lamulo ndilo linali lokalamba, chifukwa linkaŵerenga maboti potsata kukula kwa sitima, osati potsata mitu ya anthu. Mu 1914 maiko adakumana ku London nasaina pangano loyamba loteteza miyoyo pa nyanja, limene limadziŵika ndi dzina loti SOLAS. Lidakonzedwanso kangapo, ndipo limene likugwira ntchito tsopano ndi la 1974. Mu 1948 maiko adagwirizananso zokhazikitsa bungwe loyang'anira maulendo a pa nyanja, limene lidayamba kukhalapo mu 1958. Lero limatchedwa IMO, ndipo likulu lake lili ku London.

Koma mapangano ameneŵa adalembedwera sitima zoyenda pa nyanja zamchere kuchoka dziko lina kupita dziko lina. Nyanja ndi mitsinje ya m'kati mwa dziko idasiyidwa m'manja mwa boma la dziko lililonse. Tsono kuno kwathu tidayenera kuphunzira ndi maliro athu.

Vipya

M'zaka za m'ma 1930 njanji idafika ku Chipoka ndi ku Salima, ndipo ntchito yoyendetsa sitima za apaulendo idaperekedwa kwa kampani ya njanji, Nyasaland Railways. Kampaniyo idaitanitsa sitima yatsopano, Vipya, imene idabwera m'zidutswa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri nilumikizidwa konkuno. Anthu a m'mbali mwa nyanja adaikondwerera kwambiri. Pa 30 Julaye 1946, mwezi wa mwera, Vipya idanyamuka ku Mbamba Bay kuoloka nyanja kuloza chakumadzulo, muli anthu 194. Mphepo idakula, mafunde nakwera, ndipo chakufupi ndi Chilumba, m'dera limene Azungu ankati Florence Bay, sitimayo idapendekeka nigubuduzika. Adamira anthu 145. Opulumuka anali 49 okha. Kumpoto kumeneko nyanja ndi yakuya kwambiri, malo ena mamita 700, choncho mabanja ambiri adalira maliro opanda mtembo. Mpaka lero ndiyo ngozi yaikulu koposa zonse imene idachitika pa nyanja yathu. Pa nsanja ya wotchi ya ku Mangochi ija pali chikwangwani chokumbutsa anthu 145 ameneŵa, moyandikana ndi mfuti ya Guendolen.

Tizindikire chinthu chimodzi. Vipya sinali sitima yakale yowola, ndipo anthu amene idanyamula tsiku limenelo sadapitirire muyeso wake. Choncho mafunso amene imfa zimenezi zidasiya anali ozama kuposa kuŵerenga mitu. Kodi mamangidwe a chombo ayenerana ndi mafunde a nyanja imene chiyendemo? Kodi kulemera kwake kwakhala pansi, kapena kwakwera pamwamba? Kodi woyendetsa ayenera kuchita chiyani mphepo ikafika pakuti? Nanga ndani woima payekha, wosadya malipiro a kampani, amene ayeze zonsezi chombo chisananyamule anthu? Mafunso ameneŵa ndiwo phata la ntchito ya boma pa zombo.

M'malo mwa Vipya mudaloŵa Ilala yachiŵiri, yomangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, imene idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Yatumikira zaka zopitirira 70 pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Amene adaikwerapo akudziŵa kuti pa madoko ambiri siifika kumtunda. Imaponya nangula patali, ndipo anthu amatsikira m'maboti ake ang'onoang'ono. Nthaŵi yotsika ndi yokwera imeneyi, pamene aliyense afuna kukhala woyamba ndi matumba ake, ndi imene imafuna mwambo koposa.

Lamulo lathu la lero

Titalandira ufulu mu 1964, sitima zidapitirira kukhala m'manja mwa kampani ya njanji, imene idasanduka Malawi Railways. Idaonjeza zombo zina, monga Mtendere mu 1980. Mu 1989 dziko lathu lidaloŵa m'bungwe la IMO lija, ngakhale kuti tilibe gombe la nyanja yamchere. M'zaka za m'ma 1990 ntchito za sitima zidalekanitsidwa ndi za njanji, ndipo mu 1995 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Inland Waters Shipping Act. Pambuyo pake boma lidayamba kubwereketsa ntchito yoyendetsa sitima kwa makampani, monga lidachitira mu 2010 popereka ntchitoyo kwa kampani ya Mota-Engil. Kusintha kumeneku kudabwezera boma pa malo ake enieni, amene phunziro la Plimsoll lidaonetsa kalekale: wina ayendetse, wina ayeze.

Kodi lamulo la 1995 limafuna chiyani? Mwachidule, limafuna zinthu zinai. Choyamba, chombo chilembetsedwe, kuti chidziŵike dzina lake ndi mwini wake. Chachiŵiri, chiyezedwe ndi katswiri wa boma, amene amaona thupi lake, injini yake ndi zida zopulumutsira anthu, nanena chiŵerengero cha anthu ndi muyeso wa katundu. Chachitatu, chombo chonyamula anthu kapena katundu pa malipiro chikhale ndi laisensi. Chachinai, woyendetsa ndi omthandiza akhale odziŵadi ntchito, okhala ndi ziphaso. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, mu unduna wa zamtengatenga. Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima ndi amisiri a injini. Apolisi a pamadzi amathandiza kusungitsa lamulo, ndipo a nthambi yoona za nyengo amachenjeza pa wailesi mwera ukamadza.

Kuchokera ku Monkey Bay kufika ku Kachulu

Tsono tibwerere kwathu. Lamulo ndi limodzi, koma maso a boma sangakhale pa doko lililonse. Sitima yaikulu njosavuta kuiyeza, pakuti ili ndi dzina ndi tsiku lonyamuka. Koma pa nyanja ya Chilwa pamayenda maboti amatabwa ndi mabwato ambirimbiri, ena a injini, ena okankhidwa ndi nsungwi m'tinjira ta pakati pa njedza. Amanyamula anthu, njinga, matumba a mpunga ndi a nsomba, nkhuni, ngakhale odwala opita kuchipatala. Kaŵirikaŵiri boti silinyamuka mpaka mwini ataona kuti ndalama ya mafuta yakwana, ndiye kuti mpaka litadzaza.

Ambiri timainyoza nyanja ya Chilwa chifukwa ndi yosaya. Nzoona kuti m'malo ambiri kuya kwake ndi mamita 2 kapena 3, ndipo tidaiona ikuphwa mu 1968 ndi mu 1995, nitsikanso kwambiri mu 2018. Koma munthu wamtali mamita 2 ndani pakati pathu? Pansi pake ndi matope ofeŵa, osati mchenga wopondapo. Ndiponso nyanja yosaya siichedwa kuvunduka. Mphepo ikaomba pa madzi otambalala chotere, mafunde ake amakhala aafupi ndi otsatizana, ndipo amamenya boti lisanadzuke ku funde loyamba.

Tiyeni timvetse bwino mmene boti lodzaza limamirira, kuti tithe kufotokozera ana athu. Chitetezo cha boti ndi mpata umene watsala pakati pa madzi ndi mlomo wake. Munthu aliyense wokwera, thumba lililonse, limadya mpata umenewo. Ukatsala wa zala zinai, funde laling'ono limaloŵa. Madzi oloŵawo amalemeretsa boti, mpata uja nucheperanso, funde lachiŵiri niloŵa mosavuta kuposa loyamba. Madzi a m'kati sakhala malo amodzi, amathamangira mbali imene boti lapendekera nalipendeketsa koposa. Katundu wounjikidwa pamwamba, ndi anthu okhala pamwamba pa katunduyo, amakweza kulemera, ndipo chinthu cholemera kumutu sichichedwa kugwa. Pomaliza pamabwera mantha. Anthu amaimirira, nathaŵira mbali imodzi, boti nkutembenuka. Zonsezi zimatha kuchitika pa mphindi zosakwana ziŵiri.

Izi si nthano. Pa tsiku la Pasaka mu Epulo 2017, boti lonyamula anthu pafupifupi 80 ochokera ku mapemphero lidagubuduzika pafupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, ndipo ena mwa iwo sadabwererenso kwao. Mu Epulo 2023 bwato wonyamula anthu 22 opita ku maliro udamira mu mtsinje wa Rusa ku Mchinji. Taonani kuti onseŵa sanali pa ulendo woipa. Ena ankachokera kokapembedza, ena ankapita kokalira mnzawo. Madzi sayang'ana cholinga cha ulendo, amangoyeza kulemera. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Gawo lathu

Apa ndi pamene nkhani ino ikukhudzira ife a m'mabanja ndi a m'mipingo, pakuti maulendo oopsa koposa ndi a gulu: kwaya yopita kukaimba, amai a bungwe, ana a ulimbitso, anamfedwa ndi operekeza. Pa gulu palibe wofuna kutsala, ndipo palibe wofuna kuoneka wamantha. Tsono inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, pokonza ulendo wa pamadzi, chitani ntchito ya woyeza wa boma amene palibe pa dokopo. Funsani mwini boti chiŵerengero chimene boti lake lidaloledwa, ndipo muŵerenge anthu mokweza, ana ndi makanda omwe. Lembani maina awo, pepalalo litsale kumtunda. Anthu akachuluka, gaŵani ulendowo paŵiri, ndipo ndalama ya ulendo wachiŵiri iloŵe m'chikonzero kuyambira pachiyambi. Funsani za majekete oyandamitsa munthu, ndipo avalidwe boti lisananyamuke, pakuti pakati pa ngozi palibe nthaŵi yomanga zingwe. Muonetsetse kuti muli chokapira madzi ndi nkhafi zothandiza injini ikazima. Nyamukani m'maŵa kukali bata, musaoloke usiku, ndipo wailesi ikachenjeza za mwera, mwambo usinthidwe tsiku. Palibe mwambo wa mpingo umene ungaonongeke chifukwa chodikira nyanja kuti idekhe.

Kwa inu eni maboti ndi oyendetsa, tikudziŵa kuti mafuta ndi okwera mtengo ndipo munthu mmodzi woonjezera ndi ndiwo za tsikulo. Koma kumbukirani pusi uja wa ichi chakoma, ichi chakoma. Lembetsani boti lanu, lolani kuti liyezedwe, ndipo tengani penti mujambule mzere pa nthiti yake pamene woyeza wakuuzani, kuti wokwera aliyense aziuona. Mzerewo udzakuthandizani inu nomwe pokana mbale kapena mfumu imene yafika mochedwa ndi matumba ake. Makomiti a pa madoko, amene adayamba kuyang'anira usodzi pa nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, angathenso kugwirizana kuti boti lopitirira muyeso lisachoke pa doko lao. Ndipo tonse pamodzi tili ndi ufulu wopempha aphungu ndi makhansala athu kuti oyeza zombo azifika ku Chilwa monga amafikira ku nyanja yaikulu, pakuti moyo wa mai wa ku Chisi ndi wofanana ndi wa mlendo wokwera kalasi yoyamba pa Ilala.

Pomaliza, kwa wokwera aliyense. Mlinyero wa masiku a Plimsoll akakana kukwera sitima yodzaza ankamangidwa. Inu palibe angakumangeni. Mukaona madzi afika pafupi ndi mlomo wa boti, tsikani ndi mwana wanu, mudikire lotsatira, ngakhale anzanu akusekeni. Mukafika mochedwa, koma mukafika.